Makapisozi ndi Madzi Owira

Achemwali anga amadwala matenda osaoneka. Alibe chilonda, alibe chotupa, koma thupi lonse limawawa ngati awamenya ndi zibonga, ndipo m'mawa amadzuka atatopa kuposa mmene anagonera. Adokotala anati dzina lake ndi faibulomayalijiya. Apongozi awo, omwe amakhala nawo nyumba imodzi, anati dzina lake ndi ulesi.

Kuwonjezera pa mankhwala a ululu, adokotala anawalola kuyesa makapisozi a mapulobayotiki, tizilombo tamoyo tabwino tokhala m'matumbo, pamodzi ndi ufa wa pulibayotiki, womwe ndi chakudya cha tizilomboto. Sanalonjeze kuchira. Anangoti ena mimba imasiya kuwafufuma, ena saona kusintha, tiyese tione.

Botolo linatha, kusintha osaoneka. Alamu anga, amuna a achemwali, anandiimbira foni kuti ndipite tikakambirane. Ndinawapeza pabalaza atakhala pamkono wa mpando, maso ali pansi.

"Mlamu, ine ndatopa," anatero. "Munthu wodwaladi akamwa mankhwala amapezako bwino. Awa amaliza botolo lonse, ali chomwecho. Mayi akuti muwatenge akapumeko kwanu."

Kupuma kotereku ndimakudziwa. Munthu amapita ndi chikwama chimodzi, katundu wina n'kumutsatira pambuyo.

"Ndiye banja mukuliyeza ndi botolo?" ndinatero. "Inuyo mutu ukamawawa, mapilisi n'kukanika, tizikubwezani kwa amayi anu? Pepani, ndaiwala, muli kale kwa amayi anu."

"Iwe, tsitsa mawu," achemwali anandidzudzula ali kuchipinda.

Ndinalowa kukhitchini kuti ndimwe madzi, mtima utsike. Ndinapeza apongozi aja ataima pa sitovu, botolo latsopano lili pambali. Anatsegula kapisozi ndi zikhadabo, n'kukhuthulira m'kapu, n'kuthiramo madzi a m'ketulo akubwadamuka. Kenako anayamba kutakasa mwachifatse, ngati munthu wodziwa ntchito yake.

"Amayi, mukutani?"

"Ndikupha tizilombo. Mpongozi wangayu ananena yekha kuti muli tamoyo umu."

"Tsiku lililonse mumatero?"

"Nanga ndilekerenji? Ine ana anga ndinawalera ndi madzi owiritsa, palibe anatsegulapo m'mimba. Lero ndimwetse mpongozi wanga majeremusi aawisi? Akafa, anthu adzaloza ine."

Ndinasowa chochita, kukalipa kapena kuseka. Mayi yemweyu wotchula achemwali kuti aulesi ndi amene amalawirira m'mawa uliwonse kuwateteza ku mankhwala awo omwe.

Ndinanyamula kapu ija, nthunzi ili tolotolo, n'kukaiika patebulo pamaso pa alamu.

"Umboni wanu uja ndi uwu. Tizilomboti timafunika tifike m'mimba tili moyo. Achemwali akhala akumwa mitembo yokhayokha, ufa uja n'kumadyetsa malemu."

Alamu anayang'ana amayi awo, omwe anali atanditsatira ndi supuni m'manja.

"Musandiyang'ane choncho," apongozi anatero. "Anandiuza ndani? Nonse mumangodutsa ngati ndine kabati."

"Chabwino," alamu anatero akukanda m'mutu. "Ayambirenso bwinobwino. Botolo ili likatha osasintha, ndiye kuti..."

"Ndiye kuti chiyani?"

Sindine ndinafunsa. Achemwali anali ataima pakhomo la kuchipinda, atagwira felemu ndi manja onse awiri. Kuti afike pamenepo ndikudziwa mmene zinawawira.

"Ndimwa, ndi madzi ozizira, ndipo ndizimeza ndekha. Mwina andithandiza mimbayi, mwina ayi. Adokotala ananeneratu. Koma athandize, asathandize, ine ndikudwala ndithu, ndipo pano sindichoka. Lachinayi ndikupita kuchipatala. Inu bambo, ndi inu amayi, mundiperekeze mukadzimvere nokha. Ndatopa kukhala womasulira matenda anga."

"Lachinayi ndili kuntchito," alamu anayamba.

"Mukapemphe," ndinawadula. "Pa maliro amakulolani. Pa munthu wamoyo akukanizani?"

Apongozi anakoka mpando n'kuukankhira kwa achemwali ndi phazi, osawayang'ana.

"Khalani pansi inu, mungatigwere. Ine ndipita. Ndikufuna ndikamuone m'maso munthu woweta tizilombo m'mimba mwa anzake." Kenako anatembenukira kwa mwana wawo. "Ndipo iwe, zotumizana kwawo zija usiye. Wandimva?"

"Ndamva, mayi."