Nkhope ya Mayi Awo a Macfussy

Kampani imene ndimagwirako ntchito imapanga mapulojekita, makina aja amene amaponya zithunzi pachinsalu chachikulu m'nyumba za kanema. Fakitale yake ili ku Ulaya. Kuno ku Doha tili ndi ofesi chabe ku Bin Mahmoud, ndi kaholo ka mipando yawofuwofu komwe amaonetsera makasitomala mphamvu ya makinawo. Ine Winnie ntchito yanga ndi kukolopa, kupukuta mipandoyo ndi kupanga tiyi. Chinsalu chokha sindiloledwa kuchikhudza, ati zala zanga zili ndi mafuta.

Amalawi pa ofesipo tilipo atatu: ine, Latifu wa ku Mangochi amene amalumikiza mawaya, ndi a Macfussy, dalaivala wathu, bambo wofatsa woti ukawaponda phazi opepesa amakhala iwowo.

Lachitatu mayi awo a Macfussy anamwalira ku Ntcheu. Zopita kumudzi zinakanika. Tchuthi chinkadikira kusaina kwa anthu opanda changu, pamene thupi silidikira munthu m'nyengo yotentha. Abale anagwirizana zoika maliro Lachisanu. A Macfussy sanadandaule zambiri, anangoti akufuna chinthu chimodzi, kuona nkhope ya mayi awo bokosi lisanatsekedwe. Mchemwali wawo Tawina analonjeza kuti adzaimba foni ya vidiyo, ndipo pa nthawi yoona nkhope adzaima pamzere foniyo ili m'manja.

Koma foni ya a Macfussy ndi yosweka galasi, maso awonso masiku ano amaona mwachimbuuzi. Latifu ndiye anabweretsa nzeru yoti tipemphe kaholo kaja, poti Lachisanu ofesi imakhala yotseka. Tinapita tonse atatu kwa a Wilson, mzungu woyang'anira zamalonda. Anamvetsera uku akudinadina foni yawo, n'kuvomera, mpaka kuwagwira a Macfussy paphewa. Ndinatuluka muofesimo ndikudziimba mlandu kuti nthawi yonseyi ndinkangomujeda munthu wabwino.

Lachisanu masana Amalawi anzathu a mu Doha anabwera. Alonda, madalaivala ndi a m'mahotela anachoka ku Al Mansoura pa basi, Latifu anabwera ndi anzake akuchokera kumzikiti, ife amayi a ku Old Airport tinamanga zitenje ndi mipango. Mipando tinasiyira abambo, ife tinakhala pansi pakapeti monga timachitira kwathu. Latifu analumikiza foni ija, n'kuzimitsa magetsi, ndipo Ntcheu inatulukira pakhoma.

Ndisaname, makina amene aja ndi makina. Tinaona fumbi la kumapazi kwa adzukulu, tinaona ndi masamba omwe a mtengo wa mango umene anthu anabisalamo dzuwa. A Macfussy ankatchula chapansipansi kuti awo ndi amalume, uyo ndi mwana wa achimwene, wakula bwanji. Kwaya itayamba nyimbo, nafenso tinaipolokoza.

Chitseko cha kaholo chinatseguka abusa a ku Ntcheu ali pakati pa ulaliki. Analowa a Wilson, pambuyo pawo alendo atatu ooneka kuti ndi anthu akuluakulu.

Apa ndi pamene tinapusa, ndipo kupusa kwake ndi kwa kwathu komwe. Kwathu munthu wofika pamaliro safunsidwa chimene wadzera. Wabwera kudzakhuza, basi. Abambo a kutsogolo ananyamuka msangamsanga n'kuwapatsa mipando yoyandikana ndi anamfedwa. A Macfussy anaimirira, n'kuwapatsa moni mmodzimmodzi, dzanja lamanzere litagwira mkono wamanja. Ine mtima unachita kusungunuka. Ndinanong'oneza mnzanga kuti taonani, abwana abwera ndi anzawo kudzapepesa. Ngakhale pamene a Wilson anayamba kuloza pachinsalu akunong'onezana ndi alendowo, ndinkati akuwafotokozera mwambo wathu.

Abusa anamaliza. Mkulu wina analengeza kuti yakwana nthawi yoona nkhope, anthu n'kuyamba kundandalika. Chithunzi chinayamba kugwedera poti Tawina anali atalowa pamzere.

"Achimwene, konzekani, ndatsala pang'ono kufika," anatero.

Kutsogolo kwake kunali mayi wina wa chitenje chofiira cha maluwa achikasu. Mayiyo anasuntha, m'mbali mwake n'kuonekera ngodya ya bokosi ndi kansalu koyera. A Macfussy anavula magalasi, kuwapukuta ndi shati, kuwavalanso, n'kusendera kunsonga kwa mpando.

Chithunzi chinangoima.

Tonse tinati ndi netiweki, Latifu n'kuthamangira pakompyuta. Koma mawu ankamvekabe, nyimbo ikupitirira, mapazi akukhwekhwereza pafumbi. Nditacheuka ndinaona a Wilson ataimirira, rimoti ili m'manja, akupita kuchinsalu. Anali atachiimitsa dala chithunzicho. Kadontho kofiira ka tochi yawo yolozera kankavinavina pamsana pa mayi uja, iwo akufotokoza mokweza m'Chingerezi kuti alendowo aone mmene kufiira kwakhalira kosasakanikirana ndi chikasu, aonenso kuti ngakhale khungu lakuda lili pamthunzi likuoneka bwinobwino, chinthu chimene makina a makampani ena sangachite. Anthu aja sanabwere kudzakhuza ayi. Anali ogula, ndipo maliro athu anali chionetsero chaulere.

"Mukuwaona, achimwene?" anafunsa Tawina, akusisima. "Agona bwino. Mukuwaona?"

"Bwana, pulizi," anatero a Macfussy, ndi kamawu kakang'ono.

A Wilson anangotukula chala osacheuka n'komwe. "Wani miniti."

Magazi anandithamanga. Ndinakwiya mkwiyo umene sindinaukwiyepo chibadwire. Mphindi imodzi! Kodi mzere woona nkhope umaima chifukwa mzungu sanamalize kutsatsa malonda? Ndinadzambatuka pakapeti paja, ine yemwe wa zala za mafuta, n'kuwatsomphola rimoti ija. Mabatani ake anali mbwee, sindinadziwe lodina.

"Latifu, gwira! Ichotse firiziyo chithunzi chiyende, yala, yala, fulumira!"

Latifu anadina. Mayi wa chitenje chofiira anazimiririka. Pamalo pake panaoneka manja a abambo awiri akumanga chivundikiro cha bokosi, wina ataimirira pambali ndi nkhata.

Wamkulu mwa alendo aja anafunsa Latifu m'Chiarabu kuti kanemayu ndi wanji. Latifu atamuyankha, bamboyo anagwetsa nkhope, anaika dzanja pamtima kwa a Macfussy, n'kutuluka ndi anzake osayang'ana amene anawabweretsa.

A Wilson anapepesa, inde, koma kupepesa kwake ndi kumene kunandimaliza. Ati ankayesa ndi zojambula kale zoti tikhoza kubweza m'mbuyo. Latifu atawauza kuti palibe chojambulidwa, ndiponso kwathu munthu sangaime pabokosi n'kumatola chithunzi cha mtembo, iwo anati basi tiwauze akumudziwo atsegulenso pang'ono chabe. Anthu opanga makina oti amaona ulusi wa chitenje cha munthu ali ku Ntcheu, analephera kuona bambo akulira pampando woyandikana nawo. A Wilson anaima pang'ono akusisita manja, kenako anatsatira makasitomala awo.

Tinakhalanso pansi. Pachinsalu nkhope ya Tawina inadzaza khoma lonse, maso atatupa, mpango utapendekeka. Iye sankadziwa kanthu. Anali ataima pabokosi paja nthawi yaitali kuposa wina aliyense, mpaka akuluakulu kumukoka, kuti mlongo wake aone mokwanira.

"Achimwene, simunandiyankhe. Munawaona amayi?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndimuuze zonse, koma a Macfussy ananditambasulira dzanja kuti ndikhale chete. Anakhosomola, n'kusendeza nkhope pafupi ndi foni.

"Ndawaona, Tawina," anatero. "Wachita bwino. Agonadi bwino."