Chizindikiro cha pa Malaya a Mlendo

Mayi wina wosoka zovala, amene anthu ankangowaitana kuti Atelala, anali ndi nkhawa yaikulu. Mwana wawo wamkazi anakhoza bwino mayeso, koma panapita zaka ziwiri ntchito osaipeza. Ankangokhala m'shopu, kusita ndi kuika mabatani, nkhope ili ndwii.

Tsiku lina masana kunafika bambo wovala bwino, nsapato zili waliwali, chikwama m'manja. Pathumba la malaya ake panali chizindikiro cha kampani yotumiza anthu kukagwira ntchito m'mahotela a kunja.

"Mayi, mwachita mwayi," anatero mlendoyo uku akuyala zithunzi za mahotela patebulo lodulira nsalu. "Kwatsala malo awiri okha. Ndege, chakudya, pogona, zonse n'zathu. Mungondipatsa chiphaso choyendera cha mwanayu ndi satifiketi yake, Lachisanu anyamuka. Koma musauze anthu, nsanje ya anansi mukuidziwa."

Mtsikana uja anadumpha ndi chimwemwe. Bambo ake, amene anali atakhala pabenchi, anati, "Amake mwana, mukudikiranso chiyani?"

Koma maso a Atelala anali pathumba la malaya aja. Zaka makumi awiri ali pamakina, ulusi ankaudziwa. Chizindikirocho chinali chosokedwa pamanja, mokhotakhota, ndipo m'mbali mwake munkaoneka timabowo ta singano pamene panamatulidwa china chachikulupo.

"Mapepala ali kunyumba, bambo. Bwerani mawa masana," anatero Atelala.

Mlendo atachoka, mkangano unabuka.

"Amayi, mukufuna ndikalambire pa ayironi?" analira mtsikanayo.

"Munthu akukuonetsani hotela, inu mukuyang'ana ulusi!" anatero bambo ake. "Mwina anangopeza telala waulesi."

"Mwina ndikulakwitsa," anayankha Atelala. "Ngati ndi choncho, titaya tsiku limodzi lokha. Koma kampani yolipirira anthu ndege ingalephere kugula malaya atsopano? Nanga ntchito yabwino amaibisiranji? Akutithamangitsiranji?"

M'mawa mwake anatseka shopu n'kupita ndi mwana wawo ku ofesi ya boma yoona za ntchito. Atelala ankaopa kuti akawaseka. Koma mayi wa mu ofesiyo anamvetsera mpaka pamapeto, kenako anafufuza dzina la kampaniyo mu kompyuta.

"Kampaniyi mulibe m'kaundula wathu," anatero mayiyo. "Mwachita bwino kubwera. Anthu otere amalanda ziphaso. Mwana akafika kumeneko amagwira ntchito yakalavulagaga, foni alibe, kubwerera sangathe. Wolemba anthu ntchito movomerezeka amakhala ndi chilolezo ndi ofesi yodziwika. Amakupatsani kalata ya mgwirizano kuti mukawerenge mofatsa, ndipo sakuletsani kufunsa anthu."

Mayi wa mu ofesi uja anaimbira apolisi.

Masana mlendo anafika akumwetulira. Anapeza Atelala akuyeza kasitomala m'chiuno, wina akusankha nsalu pakhomo.

"Mapepala aja mwabweretsa, mayi?"

Asanayankhidwe, kasitomala woyezedwa uja anatembenuka n'kutulutsa unyolo. Wosankha nsalu anatseka khomo. Onse awiri anali apolisi. M'chikwama muja anapezamo ziphaso za atsikana khumi ndi anayi.

Nkhani inafala msewu wonse. Atsikana onse aja analandiranso ziphaso zawo, ndipo makolo awo anadzaza pakhonde la shopu, ena akuimba nthungululu, ena akulira. Bambo a mtsikana uja anayamba kudziguguda pachifuwa.

"Ine ndinamukayikira atangolowa ameneyu!"

"Bambo, inu amene munkati telala waulesi?" anafunsa mwana wawo. Anthu onse anafa nacho chiseko, bambowo n'kuseka nawo.

Mtsikanayo anagwira dzanja la mayi ake. "Pepani amayi. Mukanandimvera, bwenzi pano ndili kuti?"

Patapita miyezi itatu, anapeza ntchito yolandira alendo pachipatala china, kudzera pa chidziwitso chimene chinamatidwa ku ofesi ija.

Phunziro lake ndi ili: munthu akakuthamangitsani, akakuuzani kuti musauze wina aliyense, kapena akafuna ziphaso zanu musanaone chilolezo chake, imani kaye. Chimene maso anu aona musachipeputse, ngakhale ena akusekeni. Pitani mukafunse ku ofesi yoyenera musanapereke chilichonse.