Masiku 28 a Tionenji

Winfrida atanyamuka kupita ku Ntcheu kukadwazika bambo ake, anasiya mwana wake Tionenji, wa zaka zisanu ndi zinayi, m'manja mwa Effie ku Lewisham, kutsidya kwa nyanja kumene onse ankakhala. Panalibe zokambirana zambiri. Amayi a Effie ndi amayi a Winfrida anali a mimba imodzi, choncho Effie ndi Winfrida ankaitanana kuti achemwali, ndipo kwa Tionenji, Effie anali amayi aang'ono.

Ulendo wa masabata awiri unafika sabata yachinayi. Lachiwiri lina, mlembi wa kusukulu ya mwanayo anafunsa Effie mwaulemu ngati khonsolo ikudziwa kumene Tionenji akukhala.

Biswick, mwamuna wa Effie, atamva zimenezi anaika pansi kapu ya tiyi.

"Khonsolo? Asosho aja oona za ana, mukawaitana nokha sabwerera chimanjamanja. Amanyamula ana amenewa. Tingokhala chete."

"Munawaonapo akunyamula?"

"Ndinamva kutchalitchi."

"Kutchalitchi munamvanso kuti basi ndi yaulere Lamulungu. Si munatsitsidwa pa New Cross inu?"

Effie anali namwino, ndipo sankapereka mankhwala asanawerenge pepala lake. Ataweruka tsiku lotsatira analowa m'laibulale napempha kompyuta. Anamupatsa ola limodzi. Theka la olalo linatha akukopera mwakhama malamulo olerera ana, kufikira mayi wina wogwira ntchito m'laibulalemo atasuzumira ndi kumuuza kuti amenewo anali malamulo a chigawo china cha ku America. Anaseka onse, ndipo mayiyo anamutsegulira tsamba loyenera.

Lamulo lake linali lachidule. Mwana wosakwana zaka 16 akamakhala masiku 28 kapena kuposerapo kwa munthu amene si wachibale wapafupi, khonsolo iyenera kudziwitsidwa. Achibale apafupiwo anatchulidwa mmodzimmodzi. Effie anasindikiza tsambalo, najambula banja lawo kuseri kwa pepalalo, kuyambira kwa agogo. Akanakhala wobadwa kwa mayi kapena bambo mmodzi ndi Winfrida, akanawerengedwa. Koma ubale wawo unadzera mwa amayi awo, ndipo pamndandandawo iye panalibe.

Zinamuwawa. Mwana amene anamubereka kumbuyo ali khanda! Komabe anawerenganso, katatu konse. Sanapeze pamene panalembedwa kuti mwana amalandidwa chifukwa chodziwitsa. Panalembedwa kuti a kukhonsolo adzabwera kudzaona kumene mwanayo akugona, kucheza naye, ndi kulankhula ndi kholo lake. Anatenga pepala lija, ndipo asanakwere basi anaimba telefoni kukhonsolo.

Tsiku lobwera a kukhonsolo, Biswick anasesa kapeti kawiri, navala tayi. Mayi wa kukhonsolo anafika atanyowa ndi mvula. Anaona bedi la Tionenji ndi mabuku ake, analemba nambala ya Winfrida, kenaka anapempha kucheza ndi mwanayo payekha. Biswick anaima m'khichini khutu lili pachitseko.

"Akuti chiyani?" Effie ananong'ona.

"Akumufunsa ngati pali chimene chimamusowetsa mtendere muno."

"Ndiye?"

Biswick anachoka pachitseko nkhope itagwa. "Akuti ndimaimba kwambiri ndikamasamba."

Potsanzika, mayiyo anati waona kuti mwana ali bwino, ndipo adzabweranso pakatha masabata asanu ndi limodzi ngati Winfrida adzakhale asanabwerere. Anathokoza Effie chifukwa chowadziwitsa.

Chitseko chitatsekedwa, Tionenji anatuluka m'chipinda atakumbatira chikwama chake cha kusukulu. Effie anaona kuti munali zovala.

"Ndikupita nawo?" mwanayo anafunsa m'Chingerezi.

"Upite kuti? Bwezera zovalazo, ubwere udzandithandize kusadzula ndiwo."

"Ine ndimadziwa kuti sangamutenge," anatero Biswick akumasula tayi.

Effie anatenga pepala la kulaibulale lija nalimata pafiriji, mbali ya lamulo kutsogolo. Tionenji atadutsa analitembenuza, nayamba kufufuza dzina lake pabanja lojambulidwalo.