Pa Nsanja ya a Jameson

"Ee, abusa, ndikumva. Ayi, Loweruka ndikhala nditabwerako!"

Patrick ankakuwa ataima pa chulu cha kuseri kwa nyumba, pokhapo pamene netiweki inkagwira pamudzipo. Bambo ake, a Jameson, anali ataikidwa m'manda dzana, koma foni sinachoke kukhutu kwake. Zikatha za kuntchito ku Blantyre, zinkayamba za komiti yomanga tchalitchi, poti anali mkulu wa mpingo.

Potsika pa chulupo anaterereka. Foni inapulumuka m'manja, thibu! m'ngalande.

Mchemwali wake Tiyamike, amene ankatsuka mbale za pamaliro, anaseka mpaka kugwira nthiti. Kunali kuseka koyamba pakhomopo chimwalirireni bambo awo. Ngakhale mayi awo, a Emma, anabisa mano m'chitenje.

"Bweretsani kuno, achimwene," anatero Tiyamike. Anaipukuta n'kuikwirira m'thumba la mpunga. "Igone m'menemo mpaka iume. Mukaiyatsa msanga, tiikanso maliro ena."

Patrick anakhala pakhonde, manja akusowa chogwira. Ndiye anayamba nkhani imene anabwera nayo.

"Amayi, munda uja tibwereketse. Inu tipitire limodzi ku Blantyre. Simungakhale nokha kuno."

"Nokha? Nanga ine ndine chitsa?" Tiyamike anamudula. "Mukufuna akatsekeredwe m'mpanda, inu muli kumisonkhano?"

A Emma anangoyang'ana kudambo. "Mpunga wa bambo anu wacha, ndipo mpheta sizidziwa kuti kuno kwagwa zovuta. Patrick, mawa ukalondere. Za Blantyre tikamba ukabwerako."

M'mawa mwake Patrick anawoloka matope, buluku atapinda m'mawondo, nakwera pa nsanja ya mitengo imene bambo ake anamanga pakati pa munda. Kuchokera pa nsanjapo panali zingwe zomangirira zitini, zoti ukakoka mbalame zithawe. Patsogolo panali bango, kenako madzi a nyanja ya Chilwa, ndi chilumba cha Chisi chitatukuka patali ngati msana wa mvuu.

Dzanja lake linkangopita m'thumba la buluku kufuna foni, koma munalibe kanthu.

Posakhalitsa panafika bwato. Anali Che Rajabu, msodzi wokalamba, bwenzi la bambo ake. Anakwera pa nsanja, napereka moni, nakhala pansi. Basi.

Patrick anayesa nkhani ya mvula. Che Rajabu anagwedeza mutu. Anayesa mtengo wa matemba kumsika wa Songani. Anagwedezanso.

"Kodi ndi bambo munkakambirana zotani pano?"

"Kukambirana?" Mkuluyo anaseka, nkhama zili poyera. "Ine ndimabwera nditaswali kale kumzikiti. Iwo amati pano ndiye popempherera pawo. Ndinawafunsa kuti nanga bwanji sindikumva mawu? Akuti, 'Rajabu, Lamulungu ndimalankhula ine. Masiku enawa ndimampatsa mpata Mwini wake.'"

Patrick anaseka, koma misozi inatsika yokha. Pa maliro onse sanalire. Anali kalikiliki ndi bokosi, galimoto, pulogalamu, ndi kulandira alendo. Tsopano analira ngati mwana, ndipo Che Rajabu sanamutonthoze, anangoyang'ana kunyanja.

Misozi itauma, anayamba kumva zinthu. Mphepo inkayenda m'ngala za mpunga ngati munthu wopeta. Kakowa anaima ndi mwendo umodzi, osapupuluma. Patali amayi ena ankaimba nyimbo ya kwaya, akulakwitsa mawu mosangalala. Anayesa kukumbukira tsiku limene anapempherapo popanda kuyang'ana wotchi, koma sanalipeze.

Dzuwa litakwera, Tiyamike anabwera ndi tiyi ndi mbatata, foni ili m'manja.

"Yayaka, achimwene. Nditakwera nayo pa chulu paja yalira kangapo."

Patrick anaiyang'ana. "Kaibwezereni m'thumba muja. Sinaumitsitse."

"Ndi zoona zimenezo?"

"Ndipo mukawauze amayi kuti munda sitibwereketsa. Ndikhala mpaka tikolole. Tchalitchi sichigwa chifukwa Patrick sanayankhe foni."

Tiyamike anaomba m'manja, nabwerera akuimba lokoma lomwe, matope akuthovuka.

Nthawi yomweyo gulu la mpheta linatera pa ngodya ya kum'mawa, ngala zikuwerama. Patrick anadzambatuka, nagwira chingwe kuti akoke. Che Rajabu anam'gwira mkono.

"Uko ayi, mwanangu. Tayang'ana bwino."

Patrick anatsata zingwe ndi maso. Zinkafika mbali zonse za munda, kupatula ngodya imeneyo.

"Bambo ako sanamangeko dala. Amati nazonso zili ndi ana."

Patrick anasiya chingwe pang'onopang'ono kuti zitini zisalire. Anathira tiyi m'makapu awiri, ndipo amuna awiriwo anakhala chete, akuonerera mbalame zikudya.