Manja a Chinkhanira

"Koka bwino iwe, wasoka chothina," anatero Eusebio, mwamuna wanga, mawu akuchokera m'kati mwa chigoba.

Ndinakoka nthambo zakumbuyo mpaka zala kuwawa, koma nsalu inakana kukumana. Ine Ofelia, zaka makumi atatu ndikusoka zigoba zobisa nkhope za akatswiri a masewera ogwetsana mumzinda wa Pachuca wonse uno, ndisoke chothina? Cha mwamuna wanga yemwe? Nditazunguliza tepi ndinapeza mutu utaonjezera chala chathunthu, masaya atafufuma ngati buledi.

"Nsalu yanga ilibe mlandu, bambo a Maritza. Nkhope yanuyi yatupa."

"Ndi matamale akowa, timikate tako ta chimanga tija. Ukundinenepetsa ngati nkhumba ya pa Khirisimasi."

Ndinamuuza kuti agwire m'mphepete mwa chigobacho ndimasule msoko. Singano inaterereka n'kulowa m'chala chake chachikulu. Ndinadikira kukuwa, poti munthuyu amathyoledwa nthiti osalira koma singano amaiopa ngati mwana. Zii. Anangopitiriza kukamba za Lamlungu, magazi akudontha pansalu yasiliva.

Lamlungu likubweralo mwana wathu Maritza, amene m'bwalo amatchedwa Namzeze, anali woti adumphe chagada kuchokera pa chingwe chapamwamba, kugudubuzika m'malere n'kugwera kunja kwa bwalo, pasimenti. Pa ntchito imeneyi wouluka sadzipulumutsa yekha. Amamuwakha ndi mdani wake amene waima pansi, ndipo mdani wa Namzeze anali Chinkhanira, bambo ake omubereka. Anthu ankamutukwana Chinkhanira sabata ndi sabata kuti akuzunza kamtsikana, osadziwa kuti ndi iye ankasunga khosi lake.

M'mawa mwa tsiku lotsatira la singano lija, ndikufuna mafuta a nkhumba m'firiji, ndinapeza timabotolo tisanu tobisika kuseri kwa tsabola, ndi tijakisoni tating'ono m'pepala. Sindinafunse munthu. Ndinatenga kabotolo kamodzi n'kukwera basi kupita kwa mng'ono wanga Leonor, amene amayeza magazi pachipatala china m'tauni.

Anakayang'ana kabotolo poyera, kenaka n'kundiyang'ana ine.

"Alamu ayamba zimenezi? Awa amati mapeputaidi, achemwali. Amakakamiza thupi kutulutsa mahomoni okulitsa aja, ochuluka kuposa amene likanatulutsa lokha. Anyamata onyamula zitsulo amati amachiza mapewa ndi kubweza unyamata."

"Ndiye amachizadi?"

"Ndani akudziwa? Ena anawayesa pa makoswe. Ena pa anthu ochepa, kwa nthawi yochepanso. Za bambo wa zaka makumi asanu ndi zinayi wodzibaya miyezi ndi miyezi, palibe angakuuzeni zoona zake. Zimene zimaonekaoneka ndi kutupa, njala yosatha, shuga kukwera, manja kuchita dzanzi." Analoza timalemba tating'ono. "Apa alemba kuti ndi za kafukufuku basi, si zoti munthu agwiritse ntchito. Ndiye kuti ngakhale zili m'katimu, palibe wakulumbirirani kuti ndi zomwe zalembedwazo."

"Kafukufukuyo akuchitikira kuti?"

"M'nyumba mwanu, achemwali. Khoswe wake ndi alamu."

Anaseka, koma ataona nkhope yanga kuseka kunathera panjira. Anati ndibwere naye ayezedwe, ndipo asanyamule chilichonse chimene sangafune kuchigwetsa.

Masiku atatu ndinayesa kulankhula naye. Eusebio ndi nkhutukumve. Ndikayamba, iye uyo wapita kukathamanga. Kumuuza Maritza ndinkaopa, chifukwa mwana ameneyo bambo ake ndi mulungu wake wachiwiri, akanangoti amayi mumadandaula zilizonse. Chigoba ndinachikulitsa ndithu, ndikudzitukwana pa msoko uliwonse.

Lamlungu masana tinali m'kachipinda kovalira, kuseri kwa bwalo. Phokoso la anthu linkagwedeza malata. Chiyambire ukwati wathu, nthambo za chigoba chake ndinkamanga ndine. Iye ankati dzanja lina lililonse limabweretsa tsoka. Anakhala pabenchi n'kundipatsa msana monga mwa masiku onse.

Ndinaika kabotolo kaja pabondo pake.

"Lero mumange nokha."

"Wayamba kufufuza m'zinthu zanga?"

"Firiji ndi yanga. Mwananso ndi wanga."

"Ukuganiza ndimabayira chiyani, kuti atsikana andione? Phewa ili linatha, Ofelia! Pakanapanda mankhwalawa, eni bwalo akanandichotsa chaka chatha. Ndiye amuwakhe ndani? Tianyamata tomwe timayang'ana makamera m'malo moyang'ana munthu? Ine ndinamuwakha tsiku limene anabadwa, ndipo sindinamugwetsepo."

Kunena zoona, chisoni chinandigwira, chifukwa sankanama. Koma ndinalimba mtima.

"Mangani mfundo imodzi yokha. Mukamanga, nditseka pakamwa mpaka kumanda."

Anakweza manja kumbuyo kwa mutu. Zala zija, zonenepa ngati masoseji, zinafufuza nthambo, kuigwira, kuitaya. Anayesanso. Nthambo inali pakati pa zala zake iye akuifunabe. Thukuta linayamba kutsika m'khosi.

Chitseko chinatseguka, Maritza n'kusuzumira atavala kale mapiko ake obiriwira.

"Ababa, akuti tatsala ndi mphindi khumi. Mukaime pafupi ndi mzati wofiira, musaiwale, lero ndizungulira kawiri." Anaona manja aja ali m'mwamba. "Bwanji, amayi akunyanyalani? Mwalakwanso chiyani, akuluakulu?"

Eusebio anamuyang'ana mwanayo nthawi yaitali, kenaka anatsitsa manja n'kuwaika pamaondo.

"Kandiitanire Fidencio."

Fidencio ndi mnzake wakalekale, wamsinkhu ndi thupi ngati lake, ndipo ndi amene anaimira Maritza paubatizo. Tsikulo anali atamenya kale ndewu yoyamba. Atalowa, Eusebio anavula chigoba n'kumupatsa. Fidencio anabwerera m'mbuyo ngati apatsidwa khala lamoto, poti kwathu kuno munthu amalolera kutaya dzino kusiyana ndi kubwereketsa nkhope yake.

"Achimwene, mwapenga?"

"Vala. Mzati wofiira, azungulira kawiri. Usayang'ane anthu, uyang'ane chiuno chake. Ukamugwetsa usadzabwerenso kwathu."

Maritza anayamba kufunsa, koma bambo ake anangomuonetsa zikhatho zotupa zija, ndipo anamvetsa. Anapukuta maso ndi nsonga ya phiko n'kutuluka. Ine ndinamanga nthambo pamutu wa mwamuna wina. Chigoba ndinakulitsa chija chinamukwana ndendende.

Tinakakhala pamzere wachisanu, pakati pa anthu. Zaka makumi atatu Eusebio anali asanalowepo m'bwalo limenelo nkhope ili poyera. Palibe anamutembenukira. Wogulitsa mbatata zokazinga anamuponda phazi n'kumuuza kuti madala sunthani. Chinkhanira atatulukira, anthu anamukuwiza ndi kumugenda ndi makapu monga mwa nthawi zonse, mayi wina pambali pathu n'kumatukwana mpaka mitsempha ya m'khosi kuoneka. Eusebio ankangoyang'ana pansi.

Kenaka Namzeze anakwera chingwe chapamwamba n'kutipatsa msana. Bwalo lonse linaimirira. Ine ndinalephera kuyang'ana mwana wanga, ndinatembenukira kwa bambo ake.

Anali ataima, miyendo atatangadza, maondo atapinda pang'ono. Manja otupa aja anali m'mwamba, zikhatho zotambasula, akudikira pamwamba pa mitu ya anthu osamudziwa. Khamu linaphulika ndi chisangalalo, mayi uja n'kumandigwedeza phewa kuti kamtsikana kamugwetsa galu uja. Anthu anakhala pansi mmodzimmodzi, koma Eusebio anali chiimire, manja ali m'mwamba, mpaka bambo wina kumbuyo anakuwa kuti, "Madala, tsitsani manjawo, mukutitchinga!"