Mayina pa Khoma la Halimah

Halimah ankakolopa khonde la golosale yake pa Mwanza Boma pamene mchimwene wake Swaibu anatulukira akumwetulira. Anati kampani ina ya zakumwa yalonjeza kuwapatsa firiji yaulere, bola khoma lakumsewu lipakidwe penti ya kampaniyo.

Koma khomalo linali kale ndi eni ake. Chaka chatha Halimah analembapo dzina la agogo a bambo awo, a Bahati, omwe atsamunda anawagwira pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse kuti akhale mtengatenga, wosenza ufa ndi zipolopolo za asilikali. Anapita wapansi chakumpoto, osabwerako. Manda awo palibe akuwadziwa, ndipo m'mabuku a sukulu dzina lawo mulibe. Anthu ataona, anayamba kubweretsa mayina a makolo awo omwe anasowa chimodzimodzi kuti nawonso alembedwe pakhomapo, ena kuchokera ku Thambani, ena kwa Nthache. Ana a sukulu akaweruka ankaima n'kumafunsa, Halimah n'kumawafotokozera uku akuyeza shuga.

"Akufa samwa zozizira, chemwali," anatero Swaibu. "Mayinawo tingokopera m'kope."

Halimah firijiyo ankaifuna ndithu. Nyengo yotentha madalaivala a mathiraki opita ku Mozambiki ankamulambalala, poti zakumwa zake zinkafunda ngati tiyi. Tsiku lonse mtima unali pawiri, ngakhale ankadziwa kuti ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

M'mawa mwake opaka penti a kampaniyo, omwe Swaibu anali atawaitana kale, anafika ndi makwerero. Pakhomapo anapeza mayi wokalamba, a Malita, omwe anabwera pa kabaza kuchokera kwa Nthache. Kuwerenga sankadziwa, anangopempha kuti awalozere pamene panalembedwa dzina la agogo awo, a Sungani. Halimah anawagwira dzanja n'kuika chala chawo padzinalo. Mayiwo anasisita zilembozo chimodzichimodzi ngati akupukuta nkhope ya mwana.

Apo Halimah anauza opaka penti mwaulemu kuti abwerere ndi makwerero awo. Swaibu anapsa mtima, nati mwayi wotere sudzabweranso.

"Usabwere," anatero Halimah. "Achimwene, anthu awa anasenza katundu wa eni mpaka kufera m'njira. Lero sindilola kuti wina awasenzetsenso malonda ake."

Galimoto ya opaka penti itanyamuka, anatulutsira a Malita mpando, n'kuwafunsa kumene a Sungani anagwidwira.

"Kumunda," anayankha mayiwo. "Agogo aakazi anakangopeza khasu lili chiimire pamzere."