Tsamba Limene Linakana Kulowa

Mmisiri wosoka mabuku anali ndi lamulo limodzi lomwe analisunga zaka makumi atatu: buku limene ukulikonza usaliwerenge. Ankati ukangoyamba kuwerenga, guluu amaumira m'chitini.

Lolemba m'mawa mlamu wake, yemwe ankayang'anira laibulale ya pasukulu, anafika ndi katoni n'kuyiika patebulo. Munali buku lakale lotchuka, lija aliyense amati analiwerengapo. Ulusi unali utaduka, masamba ali mbwee, ndipo chiswe chinali chitadya ngodya zonse zam'munsi, pamene pamakhala manambala.

"Latsala lokhali, alamu. Ahedi akuti likapanda kubwera lathunthu Lachisanu, lipsa limodzi ndi zinyalala."

"Popanda manambala ndiyambira pati?"

"Muwerenge. Kapena magalasiwo ndi ongotchenera?"

Mmisiri analibe kuchitira mwina. Anayala masamba patebulo, pamipando, ena pansi atawatsindira ndi sizasi ndi hamala. Ankatola tsamba, kuwerenga mzere wotsiriza, n'kusakasaka lina loyamba ndi mawu olumikizana nawo. Inali nkhani ya wokumba zitsime m'dziko louma. Pofika Lachitatu anangozindikira waima pakati pa chipinda, singano ili pakamwa, akubwereza tsamba lomwe anali atalipezera kale malo. Guluu anali atauma gwa.

Lachinayi masana masamba onse anagwirana, kupatula limodzi. Linali ndi mizere isanu yokha: munthu akusamba m'manja, akuonera mvula pazenera. Analiyesa kutsogolo, pakati, paliponse, koma silinalowe.

Mlamu uja anadzasuzumira pakhomo. "Lilowetseni paliponse, alamu. Adzadziwa ndani?"

"Ndidzadziwa ine."

Panatsala timasamba tinayi ta zilembo zing'onozing'ono tofotokoza moyo wa mlembi. Anali atatiika padera poganiza kuti tilibe ntchito pa nkhaniyo. Anakhala pansi n'kutiwerenga.

Mlembiyo anali wochapa nsalu m'chipatala. Ankalemba pa nthawi yopuma masana, kuseri kwa mapepala otayidwa, zala zitatuwa ndi sopo, kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Anamwalira asanaone ngakhale tsamba limodzi litasindikizidwa. Mchemwali wake anapeza mapepalawo m'thumba la pilo, opanda manambala, ndipo anawasanja kwa miyezi isanu ndi itatu, mzere ndi mzere. Limodzi linamukanika. Kulitaya sanafune, kulikakamiza pakati sanafunenso, choncho analiika kumapeto kwenikweni, nkhani itatha kale.

Mmisiri anavula magalasi. Anayang'ana tsamba lija, kenako manja ake omwe. Kwa masiku anayi anali akuyenda m'mapazi a mchemwali uja, mayi amene sanamuonepo, ndipo anapunthwa pa mwala womwewo. Kenako anasungunula guluu wina, n'kusoka tsambalo kumapeto ndi ulusi wake wabwino uja ankausunga m'kabati.

Lachisanu mlamu anatembenuza bukulo uku ndi uku, n'kulinunkhiza.

"Lapulumuka. Nanga lamulo lanu lija?"

"Mundibwereke sabata imodzi," anatero mmisiri, maso ali patebulo. "Ndaliwerenga modumphadumpha. Ndikufuna ndiliyambe poyambira."

"Mubwere mudzalembetse dzina ngati ana asukulu. Ndipo musambe m'manja, mungatimatire masamba."